Niko Tinbergen ndi Zidole Zake za Nsomba

Munthu akafuna kudziwa chimene chakwiyitsa mnzake amangomufunsa, ndipo ngakhale mnzakeyo aname, pamakhala poyambira. Nanga nsomba tingaifunse bwanji? Aliyense amene adakhalapo pathanthwe m'mbali mwa nyanja nkumayang'ana m'madzi oyera adaonapo nsomba zina zikuyenda pamodzi mwamtendere, zina zikuthamangitsana, ina itaima pamalo amodzi osalola inzake kufikapo. Kuona zimenezi nkosavuta. Chovuta ndicho kudziwa chimene nsombayo yaona pa inzake kuti iyambe ndewu kapena chibwenzi, popeza nsomba ilibe mawu ndipo nkhope yake simasintha. M'gawo lino tikamba za munthu wa ku Netherlands amene adapeza njira yofunsira nsomba mafunso otere, ndipo zida zake zidali thanki lagalasi, kalilole, chubu chagalasi, waya ndi zidole zopaka utoto.

Nikolaas Tinbergen, amene anzake ankangomutchula kuti Niko, adabadwa pa 15 Epulo 1907 mumzinda wa The Hague. Atate ake adali mphunzitsi, ndipo iye adali wachitatu mwa ana asanu. Mkulu wake Jan ndiye adali wa mabuku m'banjamo, ndipo ndi yemweyo amene adadzalandira mphotho ya Nobel ya maphunziro a zachuma m'chaka cha 1969. Niko sadali wotero. Mayeso ankangokhoza mopulumukira, mtima wake uli ku masewero a hockey ndi ku milu ya mchenga ya m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene ankatha tsiku lonse akuyang'ana mbalame. Kuseri kwa nyumba yawo adali ndi timathanki tiwiri tagalasi, ndipo chaka ndi chaka ankaikamo tinsomba ta m'ngalande, nakhala pansi kuonerera mmene tikumangira zisa. Palibe adaganiza kuti chibwana chimenechi ndicho chidzakhale ntchito yake.

Atamaliza sekondale sadafune za yunivesite, poganiza kuti maphunziro a zamoyo ndi kuloweza maina a mafupa ndi kusuzumira nyama zakufa m'mabotolo. M'chaka cha 1925 adatumizidwa kwa miyezi ingapo ku Rossitten, malo ofufuzira maulendo a mbalame m'mbali mwa nyanja ya Baltic, ndipo kumeneko adaona kuti alipo anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kuyang'ana nyama zamoyo. Atabwerako adalowa Yunivesite ya Leiden.

Digiri yawo yaudokotala a Tinbergen adailandira mu 1932, ndipo sidali ya nsomba ayi, koma ya mavu ena okumba una mumchenga ndi kusaka njuchi. Tiitchule pano chifukwa mchitidwe wawo wonse udayambira pamenepo. Iwo adafuna kudziwa mmene mavuwo amazindikirira una wawo pakati pa mauna ambirimbiri ofanana. Tsono adazinga una wina ndi zibalobalo za mtengo wa paini, nadikira kuti mwini unawo azizolowere; atachoka kukasaka, iwo adasuntha zibalobalozo pang'ono. Pobwera, kachilomboko kadatera pakati pa zibalobalo, pamene padalibe una, kusiya khomo lake lenileni lili poyera pambali. Sadakang'ambe, adangosintha chinthu chimodzi nasiya zina zonse mmene zidaliri, ndipo kachilomboko kadayankha kokha. Chaka chomwecho adakwatira Elisabeth Rutten, ndipo awiriwo adakakhala chaka chathunthu kum'mawa kwa Greenland pakati pa anthu a kumeneko, akuyang'ana mbalame.

Atabwerera ku Leiden adapatsidwa ntchito yokonza maphunziro ochita ndi manja a khalidwe la nyama. Apa padafunika nyama yosavuta kupeza, yosavuta kudyetsa, ndiponso yosachita manyazi pamaso pa anthu, ndipo iwo adakumbukira tinsomba ta ubwana wawo. Dzina lake m'Chingerezi ndi stickleback. Kuno kwathu kulibe. Kamapezeka m'maiko ozizira a kumpoto, m'ngalande, m'mitsinje ndi m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Kukula kwake nkofanana ndi matemba, ndipo pamsana pake pali minga itatu. Nyengo yozizira nsombazi zimayenda m'magulu. Madzi akayamba kufunda, yaimuna imachoka pagulu nidzipatulira kadera kake pansi pa madzi osaya. Imakumba kadzenje mumchenga ndi pakamwa, nisonkhanitsa ndere, niimata ndi ulimbo wochokera mu impso zake, kenaka niboola chisacho kuti chikhale ngati kamphanga kotulukira mbali ziwiri. Nthawi imeneyi khosi ndi mimba yake zimafiira, maso nasanduka a buluu, ndipo yaimuna inzake iliyonse yofika m'deralo imakumana ndi mano.

Ubwino wa kansombaka ndi wakuti kamachita zonsezi m'thanki lagalasi monga mmene kangachitire m'ngalande, bola pansi pakhale mchenga ndi zomera. Tisachipeputse chida chimenechi. Munthu woyang'ana nsomba ali pamtunda amaona misana yokha, pamene thanki lagalasi limamuonetsa nsomba cham'mbali, monga momwe nsomba inzake imaionera. Ndiponso m'thanki munthu ndiye amalamula kuti mulowe ndani, nthawi yanji, ndipo adzere mbali iti.

Funso loyamba lidali lakuti: kodi yaimuna imazindikira bwanji mdani wake? A Tinbergen pamodzi ndi wophunzira wawo Joost ter Pelkwijk adapanga zidole zosiyanasiyana nazimangirira ku waya woonda kuti azizitsitsira m'madzi ndi kuziyendetsa. Chimodzi chidali chofanana ndi nsombayo m'zonse, minga, zipsepse ndi mchira, koma chopanda kufiira kulikonse. Zina zidali zoumbaumba chabe, china chobulungira, china chowonda ngati ndodo, zopanda mchira ngakhale zipsepse, zongokhala ndi diso ndi utoto wofiira kumimba. Malinga ndi zimene adalemba mu 1937, nsombazo zinkalimbana kwambiri ndi zoumbaumba zofiira kumimbazo kuposa chidole chokongola chija. Kwa ife anthu chidole chofanana ndi nsomba ndicho nsomba. Kwa stickleback, zidaoneka kuti mdani ndi kufiira kwa kunsi, ndipo zina zonse zilibe kanthu kwenikweni. Pali nkhani ina imene a Tinbergen adaisimba m'magazini ya Scientific American mu 1952, yakuti galimoto yofiira ya mtengatenga ikamadutsa mumsewu, pamtunda wa mamita pafupifupi 90, nsomba zazimuna za m'mathanki a pazenera zinkathamangira kugalasi la mbali imeneyo zitakonzeka kumenya nkhondo. Nkhaniyi ndiyo imakumbukika kwambiri m'mabuku a sukulu, ngakhale kuti sidali kuyesa kokonzedwa, koma chinthu chongoonedwa.

Chubu chagalasi chidayankha mafunso amene chidole sichikadatha. Nsomba yamoyo ikaikidwa m'chubu chopapatiza imaoneka bwinobwino koma singathawe, singalumidwe, ndipo singatembenuke. Munthu ndiye amasankha mmene iimire. Adapeza kuti yaimuna yoimikidwa chozondoka, mutu pansi, inkaputa mkwiyo woposa yaimuna yomweyo itagonekedwa chopingasa, chifukwa kuzondoka kotero ndiko kuopseza kwa nsombazi. Kalilole woikidwa m'madzi adaonetsa kaimidwe komweko, mwini dera akuopseza chithunzi chake chomwe. Koma kuyesa kokoma koposa kudali kwa zazimuna ziwiri zokhala ndi madera oyandikana m'thanki limodzi. Iliyonse idaikidwa m'chubu chake, ndipo machubu awiriwo adatengedwa pamodzi kupita m'dera la yoyamba: yoyambayo idayesa kuluma kudzera m'galasi, yachiwiri ikufunafuna pothawira. Atawasunthira m'dera la yachiwiri, zinthu zidatembenuka, wolusa uja nakhala wamantha. Nsomba ndi zomwezo, mphamvu zawo nzomwezo, chosintha ndi malo okha. Kulimba mtima kwa stickleback kumachepa pamene ikutalikira chisa chake, ndipo malire a madera awiri amakhala pamene mkwiyo ndi mantha zalingana.

Pamalire pamenepo a Tinbergen adaonapo chinthu chachilendo. Nsomba yogwidwa pakati pa kumenya ndi kuthawa nthawi zina inkayamba kujompha mchenga ngati ikukumba chisa, ntchito yosagwirizana konse ndi ndewu. Iwo adaganiza kuti zilakolako ziwiri zikatsekerezana, mphamvuyo imatulukira pa ntchito yachitatu. Owerenga amene adaonapo atambala awiri akuleka ndewu pakati nkuyamba kujompha pansi popanda chakudya, kapena wophunzira akukanda m'mutu pa funso lovuta, adziwa chimene tikunena.

Za chibwenzi nazo zidafunsidwa ndi zida zomwezo. Yaikazi yokhwima imakhala ndi mimba yotupa ndi mazira, ndipo imafika itadzutsa mutu m'mwamba. Chidole chosalongosoka koma chotupa mimba chinkavinitsa yaimuna gule wake wokhotakhota, pamene chidole chokongola chopanda mimba sichinkaigwira mtima. Yaimuna ikavina, yaikazi imaitsata. Ikatsatidwa, imatsogolera kuchisa niloza khomo ndi mphuno itagona cham'mbali. Yaikazi ikalowa, mutu kutulukira uku mchira uku, yaimuna imaigogoda monjenjemera patsinde pa mchira, ndipo pamenepo mazira amatuluka. A Tinbergen adachotsa yaimuna yaikazi italowa kale m'chisa, ndipo mazira sadatuluke. Adatenga kandodo kagalasi nagogoda nako patsinde pa mchira monga ichitira yaimuna, ndipo yaikazi idaikira. Apa mpamene padaoneka kuti chibwenzi cha nsombazi chili ngati unyolo: chochita cha mmodzi ndicho chimatsegula chochita cha mnzake, ndipo mphete imodzi ikasowa zonse zimaima.

Mazira akaikidwa, yaikazi imapirikitsidwa, ndipo yaimuna ndiyo imalera. Imaima pakhomo pa chisa nkumakupiza madzi ndi zipsepse za pachifuwa kuti mazira alandire mpweya wabwino. Wophunzira wina wa ku Leiden, Jan van Iersel, amene adafalitsa zofufuza zake mu 1953, adawerenga nthawi imene nsomba imatha ikukupiza, ndipo kudapezeka kuti madzi odzala ndi mpweya woipa akalowetsedwa pachisa kudzera m'kachubu, tateyo amawonjeza kukupiza. Pamenepa zida zidali zitawonjezekapo ziwiri, wotchi ndi pensulo, ndipo tidzaona kutsogoloku kuti ziwirizi nzofunika kuposa mmene zimaonekera.

M'chaka cha 1936 ku Leiden kudachitika msonkhano wa akatswiri, ndipo kumeneko a Tinbergen adakumana ndi Konrad Lorenz wa ku Austria. A Lorenz adali munthu wa maganizo akuluakulu ndi wolankhula kwambiri, wokhala ndi mbalame zoweta pakhomo pake, koma wosapirira pa zoyesayesa. Iwo ankaphunzitsa kuti nyama zimabadwa ndi makhalidwe ena okonzeka kale, ongodikira chizindikiro chowamasula, monga loko adikira kiyi wake. Atamva za zidole za ku Leiden adaona kuti umboni umene ankausowa ndi umenewu. Chaka chotsatira a Tinbergen adakakhala miyezi ingapo kwa a Lorenz ku Altenberg, pafupi ndi Vienna, ndipo awiriwo adafufuza mmene tsekwe amabwezera m'chisa dzira logubuduka. Ubwenzi umenewu ndiwo udakhala maziko a phunziro la khalidwe la nyama lotchedwa ethology.

Nkhondo idawalekanitsa moipa. A Lorenz adalowa chipani cha Nazi mu 1938. Dziko la Netherlands lidalandidwa ndi Ajeremani mu 1940, ndipo aphunzitsi a Chiyuda adachotsedwa ntchito m'mayunivesite. A Tinbergen adali mmodzi wa aphunzitsi a ku Leiden amene adakana kugwira ntchito pansi pa ulamuliro wotero, ndipo mu 1942 adagwidwa natsekeredwa ku Sint-Michielsgestel pamodzi ndi anthu ena odziwika. Adasungidwa ngati chikole: anthu akachita chiwembu kunja, ena mwa osungidwawo ankatengedwa kukaomberedwa, ndipo zimenezi zidachitikadi chaka chomwecho. Adakhala m'menemo zaka ziwiri, akuphunzitsa akaidi anzawo za nyama ndi kujambulira ana awo timabuku ta nthano. Joost ter Pelkwijk, mnzawo wa zidole uja, adafa pa nkhondo yomweyo mu 1942 ali mnyamata. Nkhondo itatha padapita zaka a Tinbergen asanafune kuonana ndi akatswiri a ku Germany ndi Austria, ndipo adadzaonananso ndi a Lorenz mu 1949 ku Cambridge. Adagwirizananso, koma chipsera chidatsala.

Chaka chomwecho cha 1949 adachita chinthu chimene anzawo a ku Leiden sadachimvetse: adasiya mpando wa pulofesa, umene adaulandira mu 1947, napita ku Oxford kukakhala mphunzitsi wamba wa malipiro ochepa. Cholinga chawo chidali chakuti phunziro latsopanoli lifike kwa anthu olankhula Chingerezi. Buku lawo lotchedwa The Study of Instinct lidatuluka mu 1951, ndipo lina la khalidwe la nyama pakati pa zinzake, Social Behaviour in Animals, mu 1953. M'mabuku onsewa stickleback ndi zidole zake zili ponseponse. Ku Oxford mtima wawo udapita kwambiri ku mbalame za kunyanja, koma mathanki sadaume: Desmond Morris adalandira digiri yake pofufuza mtundu wina wa stickleback wa minga yambiri, ndipo mu 1957 iye, a Tinbergen ndi R. Hoogland adaonetsa kuti nsomba zolusa zimaphunzira msanga kupewa stickleback chifukwa cha minga yake, koma ikadulidwa mingayo zimaimeza ngati nsomba ina iliyonse.

Njira ya zidoleyi idafikanso pa nsomba za mtundu wathu. Gerard Baerends, wophunzira wa a Tinbergen, pamodzi ndi mkazi wake adafalitsa mu 1950 kafukufuku wamkulu wa nsomba za banja la cichlid, banja lomwelo la chambo, mbuna ndi utaka. Mwa nsomba zimene adazisunga mudali ina yolera ana m'kamwa monga chichitira chambo, ndipo adaonetsa kuti tiana take tikadzidzimuka timathamangira ngakhale chidole chobulungira, nkumafunafuna polowera kunsi kwake ndi pa madontho akuda. Tianato sitidziwa nkhope ya mayi wawo. Timadziwa zizindikiro zochepa chabe, ndipo m'nyanja zimenezo nzokwanira.

Mu 1963 a Tinbergen adalemba nkhani imene ambiri amati ndiyo yokhalitsa pa zolemba zawo zonse. M'menemo adati khalidwe lililonse la nyama lili ndi mafunso anayi osiyana, ndipo mikangano yambiri ya akatswiri imabuka chifukwa wina akuyankha funso ili pamene mnzake akuyankha lina. Titenge ndewu ya stickleback. Tikhoza kufunsa chimene chimaiyambitsa pa nthawiyo, m'maso ndi m'thupi mwa nsomba. Tikhoza kufunsa mmene khalidwelo limakulira kuchokera pamene nsomba yaswedwa. Kapena phindu lake pa kupulumuka ndi kubereka. Kapenanso mmene lidayambira mwa makolo akale a mtunduwo. Chidole chomangirira ku waya chimayankha funso loyamba lokha, ndipo mwini wake adadziwa zimenezo.

Tsono tifike pa mbali imene mabuku ambiri a sukulu amailumpha. Nkhani ya 1937 ija idafotokoza zimene zidaoneka, koma sidapereke ziwerengero zokwanira zakuti nsomba zidali zingati, ndipo chidole chilichonse chidalumidwa kangati. Akatswiri ena atabwereza kuyesako akuwerenga mosamala, zotsatira sizidatuluke zoyera monga zidasimbidwira. William Rowland wa ku America ndi Piet Sevenster wa ku Leiden komweko adalemba mu 1985 kuti nsomba zawo sizidalume chidole chofiira kuposa chotuwa, ndipo m'zoyesa zina chofiiracho ndicho chinkapewedwa. Kumasulira kumene kukuoneka kolondola lero nkwakuti kufiira kumachita ziwiri nthawi imodzi, kuputa ndi kuopseza, ndipo chimene chipambane chimadalira malo amene nsomba ili ndi mmene ilili m'thupi. Kunena chilungamo, chubu chagalasi cha a Tinbergen chidali chitalozera kale komweko. Komabe sitingabise kuti iwo, pofuna kuti nkhani imveke, ankaisalaza akamaibwereza m'mabuku. Mu 2009 Carel ten Cate wa ku Leiden adaonetsa zofananazo pa kuyesa kwawo kotchuka kwa dontho lofiira la pamlomo wa mbalame ya kunyanja: nkhani ya m'mabuku idali yosalala kuposa ziwerengero zoyambirira, ngakhale kuti atabwereza kuyesako adapeza kuti ganizo la a Tinbergen lidali loona kwakukulukulu.

Mphunzitsi wofuna kutengera njirayi m'kalasi, ndi thanki lake ndi tinsomba ta mumtsinje wapafupi, aphunzirepo pa zonse ziwiri. Chidole nchotsika mtengo, koma dzanja logwira waya lili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amadziwa yankho limene akulifuna. Mosazindikira akhoza kugwedeza chidole chofiira mokopa kuposa chinzake. Nsomba nayo imatopa ndi kuzolowera, kotero kuti chidole choyamba kuonetsedwa chimalandira mano ambiri kuposa chomaliza. Mankhwala ake ndi kusinthasintha ndondomeko ya zidole, kuyesa nsomba zambiri osati imodzi yokondedwa, kupatsa chidole chilichonse mphindi zofanana pa wotchi, ndi kulemba kuluma kulikonse, ngakhale pamene nsomba yachita zosemphana ndi buku.

Zida za masiku ano zidabwera kudzachotsa dzanja limenelo. Akatswiri amaonetsa nsomba zithunzi zoyenda za nsomba inzake zimene mtundu wake wasinthidwa pa kompyuta, ndipo makamera amalemba njira ya nsomba iliyonse m'gulu. Mu 2010 akatswiri a pa Yunivesite ya Leeds adafalitsa za chidole cha stickleback choyendetsedwa ndi maginito kunsi kwa thanki molamulidwa ndi kompyuta, chimene chidatha kutulutsa nsomba zamoyo pobisala ndi kukhotetsa gulu lonse. Waya udachoka, koma chidole nchomwecho.

A Tinbergen adalandira mphotho ya Nobel ya zamankhwala ndi kagwiridwe ntchito ka thupi mu 1973, pamodzi ndi Konrad Lorenz ndi Karl von Frisch, wofufuza gule wa njuchi. Banja la Tinbergen lidakhala ndi ana awiri olandira mphothoyo. Koma zaka zawo zomaliza sizidali zokondwa. Kwa nthawi yaitali adavutika ndi matenda a kukhumudwa, ndipo mng'ono wawo Luuk, katswiri wa mbalame, adali atadzipha mu 1955. Poganiza kuti kuyang'ana mbalame ndi nsomba nkosakwanira m'dziko la mavuto, iwo ndi mkazi wawo adatembenukira ku ana a vuto la autism, naphunzitsa kuti gwero lake ndi mantha ndi kusokonekera kwa ubale wa mwana ndi makolo. Madokotala adatsutsa, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake waonetsa kuti vutoli limachokera kwakukulu ku chibadwa ndi kakulidwe ka ubongo, osati ku kaleredwe. Pa nkhani imeneyi munthu amene adaphunzitsa dziko kusintha chinthu chimodzi ndi kudikira yankho adalankhula asadayese.

Adapuma ntchito ku Oxford mu 1974, ndipo adamwalira kunyumba kwawo mumzinda womwewo pa 21 Disembala 1988 atadwala sitiroko, ali ndi zaka 81. Konrad Lorenz adawatsatira patangopita miyezi iwiri, mu Febuluwale 1989.